Dizilo, Makala ndi Magetsi pa Famu: Kumene Mphamvu Imatayikira

Famu iliyonse imene imagulitsa zokolola zake ndi bizinesi, ndipo bizinesi iliyonse imadya mphamvu. Pampu imafuna dizilo kapena magetsi, cigayo siciyenda popanda mota, anapiye amafuna kufundidwa, ndipo ngakhale thumba la feteleza linatuluka m'fakitale imene inayaka moto usana ndi usiku. Tikayang'ana m'mabuku a ndalama a ophunzira athu, timapeza kuti mbewu, katemera ndi cakudya ca nkhuku zimalembedwa mosamala. Dizilo amangolembedwa mzere umodzi wakuti "mafuta", ndipo makala nthawi zambiri salembedwa n'komwe, cifukwa amagulidwa thumba limodzi-limodzi m'mbali mwa mseu. Cinthu cimene sicilembedwa cimatayika mwini wake osadziwa. Phunziro lino likunena za kumene mphamvu imatayikira pa famu ya malonda, za utsi umene umatsagana nayo, ndi za dongosolo loyenera kutsata pokonza zinthu.

Caka ca 2024 cinationetsa nkhaniyi poyera. Mvula inakana m'nyengo ya 2023/2024, ndipo pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco cinali tsoka la dziko lonse. Magetsi oposa magawo 80 pa 100 a dziko lathu amacokera ku madzi: ku Kariba, ku Kafue Gorge, ku Itezhi-Tezhi ndi ku Victoria Falls. Madzi atatsika m'nyanja ya Kariba, siteshoni ya Kariba North Bank, imene ili ndi makina 6 otha kupereka mamegawati 1,080, inafika poyendetsa makina amodzi okha, ndipo madera ena anali kukhala mumdima mpaka maola 21 pa tsiku. Amene anali ndi ndalama anagula majenereta. Oweta nkhuku amene anali kufunditsa anapiye ndi mababu anabwerera ku mbaula. Motero cilala cinaonjezera dizilo woochedwa ndi mitengo yogwetsedwa, zinthu zomwezo zimene zimathandizira kuti nyengo isokonekere.

Apa m'pamene famu ya mu Zambia imasiyanirana ndi ya kumaiko amene magetsi awo amapangidwa ndi malasha a m'migodi. Kumeneko, kuzimitsa babu ndi kucepetsa utsi mwacindunji. Kuno, ngakhale kuti tili ndi siteshoni ya malasha ku Maamba, magetsi ambiri a ZESCO amabwera opanda utsi woculuka. Utsi wa famu yathu uli mu jenereta, m'thirakitala, mu mbaula, m'mapesi oochedwa ndi m'thumba la feteleza. Wofuna kuucepetsa ayang'ane kumeneko.

Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.7 a mpweya wa kaboni, ndipo ya petulo imatulutsa pafupifupi 2.3. Ophunzira amadabwa ndi zimenezi, cifukwa lita ya dizilo siilemera ngakhale kilogalamu imodzi. Cinsinsi cake n'cakuti kaboni wa m'mafutawo akamapsa amagwirana ndi okosijeni wa mumlengalenga, ndipo kulemera kwa okosijeniyo kumaonjezeka pa kwa kaboni. Kilogalamu imodzi ya makala, amene m'tauni timawachula kuti malasha, imatulutsa pafupifupi makilogalamu 3, osawerengera utsi umene unatuluka pa ng'anjo pamene makalawo anali kuochedwa. Mpweya umenewu ukaculuka kumwamba umasunga kutentha kwa dzuwa ngati bulangeti.

Sitikufuna kusenzetsa mlimi wa malima 4 mlandu wa dziko lonse lapansi. Utsi wa Zambia ndi wocepa kwambiri pouyerekeza ndi wa maiko a mafakitale, ndipo wambiri umacokera ku kutha kwa nkhalango ndi kasamalidwe ka nthaka. Boma linalonjeza pansi pa pangano la ku Paris kucepetsa utsi wake ndi magawo 25 pa 100 pofika 2030, kapena 47 pa 100 likalandira thandizo lokwanira lakunja. Zimenezo n'za akulu-akulu. Cimene cimatikhudza ife n'cakuti pa famu, utsi ndi ndalama zimatulukira pa khomo limodzi. Lita ya dizilo imene yapsa popanda nchito yalipiridwa ndi inu.

Kuyeza

Musanasinthe ciliconse, yezani. Yuniti imodzi imene mumagula pa mita ya ZESCO ndi mawati 1,000 ogwira nchito kwa ola limodzi. Cipangizo ciliconse cili ndi kacitsulo kapena kapepala kolembedwa mawati ake. Culukitsani mawatiwo ndi maola amene cimayaka, mugawe ndi 1,000, ndipo mwapeza mayuniti. Tiyerekeze khola la nkhuku, nkhokwe ndi bwalo zimene pamodzi zili ndi mababu 20 akale a mawati 60, oyaka maola 10 usiku uliwonse. Amenewo ndi mayuniti 12 pa tsiku. Mababu a LED a mawati 9 amawala mofanana, ndipo 20 a iwo amadya mayuniti 1.8 cabe. Pa masiku 42 amene gulu limodzi la nkhuku za nyama limakhala m'khola, kusiyanako kumaposa mayuniti 420. Sungani citsanzo cimeneci m'mutu, tidzabwereranso kwa ico pokamba za sola.

Dizilo amayezedwa mosavuta. Dzazani thanki mpaka pakamwa, lembani nthawi, gwirani nchito, kenaka dzazaninso ndi cigubu cimene mukudziwa kukula kwake. Zimene mwathiramo kaciwiri ndizo injini yamwa. Makala ayezeni pa sikelo, cifukwa mawu akuti "thumba" sanena kanthu: lina ndi la mutu wautali womangidwa ndi luzi, lina ndi lophwatalala, lina ladzala fumbi pansi.

Ciwerengero cothandiza kweni-kweni si malita a mwezi wonse ayi, koma malita pa cinthu cogulitsidwa. Kodi bokosi limodzi la matimati lamwa dizilo woculuka bwanji? Anapiye 100 adya makilogalamu angati a makala? Thumba limodzi la cimanga logayidwa ladya mayuniti angati? Mitengo ya mafuta imasintha, pakuti bungwe la Energy Regulation Board limaiunikanso mwezi ndi mwezi, koma malita pa bokosi amangosintha ngati makina anu kapena kagwiridwe kanu ka nchito kasintha. Ciwerengero cimeneci cikayamba kukwera, cimakhala cakuuzani za vuto injini isanayambe kulira mwacilendo.

Pampu ndi mapaipi

Pa mafamu ambiri a ndiwo zamasamba, kuthirira ndiko kumadya mphamvu yoculuka kuposa cina ciliconse, conco tikhalapo pang'ono. Lima imodzi ndi masikweya mita 2,500. M'miyezi yotentha ya September ndi October, mbewu yokhwima masamba imafuna madzi okwana pafupifupi mamilimita 6 pa tsiku, ndipo milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Ndiye kuti mbewu za pa lima imodzi zimamwa malita 15,000 pa tsiku. Koma si madzi onse opopedwa amene amafika ku mizu. Pothirira m'ngalande, amafikako ndi pafupifupi magawo 60 pa 100. Pothirira ndi zowaza, pafupifupi 75. Pothirira modontheza, pafupifupi 90. Wothirira m'ngalande ayenera kupopa malita 25,000 kuti mbewu zilandire 15,000, pamene wodontheza amapopa osakwana 17,000. Malita 8,000 otsalawo akwezedwa ndi dizilo kungoti alowe pansi pa ngalande kapena auluke ndi dzuwa, tsiku ndi tsiku.

Si aliyense angakwanitse mapaipi odontheza nthawi yomweyo. Amene akuthirirabe m'ngalande afupikitse ngalandezo, asalaze munda kuti madzi asaunjikane mbali imodzi, aphimbire mizere ndi udzu wouma, ndipo athirire m'mamawa kapena madzulo. Kukumba pang'ono ndi khasu pambali pa mbewu musanayatse pampu kumakuuzani ngati nthaka ikufunadi madzi lero. Ambiri amathirira cifukwa ndi Laciwiri, osati cifukwa nthaka yauma.

Wakuba wamkulu, amene saoneka ndi maso, ndi paipi yopapatiza. Madzi akamayenda m'paipi amakhudzana ndi makoma ake, ndipo pampu imalimbana ndi kukhudzanako monga ngati ikukweza madziwo pa phiri. Pa madzi oculuka mofanana, paipi ya mamilimita 50 imataya mphamvu yocepa pafupifupi ka 30 poiyerekeza ndi ya mamilimita 25. Sitinalakwitse polemba: ka 30. Mlimi amaona kuti madzi akufika ofooka kumapeto kwa munda, amaganiza kuti pampu yacepa, ndipo amagula yaikulu. Pampu yaikuluyo imakankha madzi ambiri m'paipi yomweyo, ndipo popeza kulimbanako kumakula pafupifupi ka 4 madzi akawirikiza kawiri, dizilo woonjezerayo amathera m'makoma a paipi. Ndalama zimene zinagula pampu zikanagula paipi yaikulu, imene siimwa mafuta ndipo imakhala zaka. Ogulitsa zipangizo sakuuzani zimenezi kawiri-kawiri, ndipo sitiwaimba mlandu kwambiri: inu mwafunsa pampu, iwo akupatsani pampu.

Makona akuthwa, mavavu otsekeka theka ndi mapaipi olumikizidwa ndi mphira wa cubu zonse zimaonjezera katundu. Mbali yokokera madzi ndiyo yofunika kuisamala koposa. Pampu ya pamtunda siingakoke bwino madzi ocokera pansi kuposa mamita 6 kapena 7, ndipo ikayandikira malire amenewo madzi otuluka amacepa injini ikulira cimodzi-modzi. Iikeni pafupi ndi madzi mmene mungathere. Kabowo kakang'ono pa paipi yokokera sikadontha madzi, kamalowetsa mpweya, conco simukaona. Cizindikiro cake ndi madzi otuluka molavula-lavula. Sefa ya kunsi kwa paipi ikatsekeka ndi ndere, zotsatira zake n'zomwezo.

Khola la anapiye

Mwanapiye wa tsiku limodzi amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 34 pamalo pamene waima, ndipo kutenthako kumatsitsidwa ndi madigiri 2 kapena 3 mlungu uliwonse kufikira nthenga zitamera. Palibe amene angatsutse zimenezo. Funso n'lakuti tikufunditsa malo aakulu bwanji. Khola la nkhuku za nyama 500 limakhala la masikweya mita pafupifupi 50, koma mlungu woyamba anapiye 500 amakwana pa masikweya mita 15. Amene amayatsa mbaula m'khola lonse akufunditsa malo opanda kanthu, ndipo popeza mpweya wotentha umakwera, akufunditsanso malata. Gawani khola ndi nsalu ya masaka osokedwa, ikani denga la masaka kapena la pulasitiki motsika pamwamba pa gawo la anapiye, zungulizani anapiyewo ndi mpanda wa makatoni kapena wa mphasa, ndipo yalani utuci wouma wokhuthala masentimita 5 mpaka 10 kuti kuzizira kwa simenti kusawafike. Malo awonjezereni pamene akukula. Ndi zinthu zimenezi, zimene zambiri zili kale pa famu, mbaula imodzi imagwira nchito imene inali kufuna ziwiri.

Koma apa pali ngozi imene siyenera kucepetsedwa. Makala oyaka m'malo otsekeka amatulutsa mpweya wa poizoni wopanda fungo, umene umapha anapiye ndiponso munthu wogona nawo m'khola. Kucepetsa malo sikutanthauza kutseka mpweya. Siyani mpata kumwamba kwa nsalu kuti mpweya woipa uzituluka, ndipo mbaula iyatsidwire panja kufikira utsi utatha ndi makala atafiira. Anapiye eni ake ndiwo amanena zoona kuposa cipangizo coyezera kutentha. Akaunjikana pansi pa mbaula akulira, azizidwa. Akathawira m'mbali atayasamula, makala anu akupsa pacabe ndipo akukuonongerani nkhuku. Akamwazikana bwino-bwino, ena akudya ena akugona, musaonjezere khala ngakhale limodzi. Gulu lolowa mu June kapena July lidzadya makala ambiri kuposa la mu October, ndipo mtengo wogulitsira uyenera kudziwa zimenezo.

Cifukwa cimene tikulimbikira pa makala n'cakuti thumba lililonse lili ndi mbiri yaitali kumbuyo kwake. Ng'anjo ya dothi imene ooca makala ambiri amagwiritsa nchito imafuna makilogalamu 6 mpaka 10 a nkhuni kuti itulutse kilogalamu imodzi ya makala. Mphamvu yambiri ya mtengowo imathera m'chire, isanafike n'komwe pa mbaula yanu. Mitengo yokondedwa ndi ya mombo ndi mtondo, imene imatenga zaka makumi kuti ikule. Ziwerengero zimene zimachulidwa kawiri-kawiri zimati dziko lathu limataya mahekitala 250,000 mpaka 300,000 a nkhalango caka ciliconse, maka-maka cifukwa ca kutsegula minda yatsopano ndi kuoca makala. Mlimi wa dimba amene mtsinje wake unali kuyenda mpaka November ndipo tsopano umaphwa mu August safuna buku kuti amvetse tanthauzo lake. Zitsononkho, makoko a mtedza ndi utuci, zikapsereredwa m'mgolo, kusinjidwa, kusakanizidwa ndi phala la cinangwa ndi kuumbidwa, zimakhala makala oyaka nthawi yaitali. Zimafuna manja ndi kuleza mtima poumitsa, koma zopangira zake n'zimene timataya kuseri kwa nkhokwe.

Cigayo ndi jenereta

Cigayo cimadya mphamvu molingana ndi mmene cikusamalidwira. Mahamala akatha makona amapukuta cimanga m'malo mociphwanya, ufa umatuluka wotentha, ndipo thumba limatenga nthawi yaitali. Atembenuzeni kuti kona yatsopano igwire nchito, ndipo muwatembenuze onse pamodzi kuti cigayo cisanjenjemere. Lamba wolefuka amaterereka n'kusandutsa mphamvu kukhala kutentha. Cimanga ca cinyezi cimatseka sefa. Cimene cauma kufika pa 12.5 peresenti, muyezo umene bungwe la Food Reserve Agency limafuna pogula, cimagayika msanga. Ndipo injini yolira pamene mwini cigayo akudikira kasitomala wa cidebe cimodzi ikudya phindu la zidebe zimene zagayidwa kale. Kuika maola odziwika ogayira kumathetsa zimenezi, ngakhale kuti oyandikana nanu adzadandaula mlungu woyamba.

Jenereta yaing'ono ya dizilo ikanyamula katundu woyenera imapereka pafupifupi mayuniti 3 pa lita. Gawani mtengo wa lita ndi 3, muyerekeze ndi mtengo wa yuniti ya ZESCO, ndipo mudzaona kuti awa ndi magetsi odula kwambiri amene famu ingagwiritse nchito. Yuniti iliyonse imatulukanso ndi utsi wokwana pafupifupi kilogalamu imodzi. Ikanyamula katundu wocepa, monga jenereta yaikulu yoyatsira mababu ndi wailesi yakanema, zinthu zimaipiratu: imamwabe mafuta ambiri, ndipo injini ya dizilo yoyenda nthawi yaitali pansi pa gawo limodzi mwa magawo 3 a mphamvu yake imadzala mwaye. Sonkhanitsani nchito zolemera, kupopa, kugaya, kusakaniza cakudya ca ziweto ndi kuziziritsa mkaka, kuti zicitike pa maola omwewo, kenaka muizimitse. Yambani ndi mota yaikulu, cifukwa mota ikamadzuka imakoka magetsi owirikiza kangapo kuposa ikamayenda.

Mphamvu yobisika m'munda

Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a naitirojeni. Naitirojeniyo anatengedwa mumlengalenga ndi njira imene Fritz Haber ndi Carl Bosch anayambitsa ku Germany, ndipo fakitale yoyamba inatsegulidwa mu 1913. Njirayi imafuna kutentha kwakukulu ndi gasi kapena malasha ambiri, kotero kuti kupanga feteleza wa mtunduwu kumadya gawo 1 kapena 2 pa 100 la mphamvu yonse imene dziko lapansi limagwiritsa nchito. Feteleza wambiri amene timathira amayendanso pa sitima ya pamadzi ndi pa malole kucokera ku madoko monga Dar es Salaam ndi Beira. Ndiye kuti thumba limeneli ndi mafuta amene avala covala cina, ndipo n'cifukwa cake mtengo wake umakwera gasi akakwera kumaiko akutali.

Yureya womwazidwa pamwamba pa nthaka yotentha n'kusiyidwa osakwiriridwa amauluka ngati mpweya wa amoniya. Wothiridwa m'munda wodikha madzi amasanduka mpweya wina wochedwa nitrous oxide, umene umasunga kutentha kuposa mpweya wa kaboni pafupifupi ka 270. Mbali zonse ziwiri, cimanga sicilandira cimene mwalipira. Thirani nthaka ili ndi cinyezi koma yosadikha, bayani dzenje pambali pa phando, kwirirani, ndipo m'nthaka ya mcenga gawani feteleza wobereketsa kawiri. M'nthaka ya asidi, laimu amacititsa kuti feteleza yemweyo agwire nchito yoculuka. Sitikunena kuti feteleza asiyidwe; nthaka zathu zambiri n'zotopa, ndipo munda wosabereka umatumiza mwini wake kukagwetsa nkhalango ina. Tikunena kuti asatayike.

Soya, mtedza, nandolo ndi khobwe zimatenga naitirojeni yemweyo mumlengalenga popanda fakitale. Soya amafuna mankhwala a tizilombo ta m'mizu, amene amapangidwa ku Mount Makulu, ndipo paketi yake ndi yotsika mtengo kwambiri poiyerekeza ndi thumba la yureya. Mtengo wa msangu umayoyola masamba m'nyengo ya mvula, conco sucinga dzuwa ku cimanga, ndipo masambawo amadyetsa nthaka. Bungwe la Conservation Farming Unit linalimbikitsa kuubzala motalikirana mamita 10 mbali zonse, kutanthauza mitengo 100 pa hekitala. Ndi nchito ya zaka, yoyenera munthu amene akudziwa kuti mundawo udzakhala wake kapena wa ana ake.

Kung'amba mizere ndi ripa, kaya ya Magoye yokokedwa ndi ng'ombe kapena ya thirakitala, kumasuntha dothi locepa kuposa kutembenuza munda wonse ndi pulawo, ndipo mafuta ndi masiku zimacepa. Mapesi asiyeni aphimbe nthaka. Tikudziwa kuti kuwasunga si kwapafupi pamene ng'ombe za mudzi wonse zamasulidwa ndipo anyamata osaka mbewa ali ndi macesi m'thumba. Lambulani njira yochinga moto kuzungulira munda mwezi wa May usanathe, ndipo nkhani ya moto ipite kwa a nyakwawa, cifukwa munthu mmodzi sangaithetse.

Sola ndi gasi wa ndowe

Taika sola kumapeto mwadala, ngakhale kuti ndiyo imene ophunzira amafunsa poyamba. Dziko lathu lili ndi dzuwa lokwanira: mapanelo a mawati 1,000 amapereka mayuniti 4 kapena 5 pa tsiku. Minda ikulu-ikulu ya mapanelo ikugwira kale nchito, monga wa Bangweulu ku Lusaka wa mamegawati 54, wotsegulidwa mu 2019, ndi wa ku Chisamba wa mamegawati 100, wotsegulidwa mu 2025. Kucokera mu 2024 palinso malamulo olola amene ali pa waya wa ZESCO kubweza magetsi otsala a mapanelo awo ku waya, akagwirizana ndi kampaniyo ndi kuikiridwa mita yoyenera.

Tsopano bwererani ku mababu 20 aja. Kuti muyatse akale, odya mayuniti 12 usiku uliwonse, mufunika mapanelo a mawati pafupifupi 3,000 ndi mabatire odzala ngodya ya cipinda. Kuti muyatse a LED, odya mayuniti 1.8, mapanelo a mawati 500 ndi okwanira. Kuwala n'komweko, koma ngongole ya woyambayo ndi yowirikiza ka 6. N'cimodzi-modzi ndi pampu: amene wakonza mapaipi ndi kusintha kathiriridwe amagula mapanelo opopa malita 17,000, mnzake amagula opopa 25,000 m'paipi yopapatiza. Kugula sola musanatseke mipata yotayira mphamvu ndi kutunga madzi ndi dengu, kungoti dengulo mwaligula pa ngongole.

Pothirira, njira yabwino ndi kupopera madzi m'thanki yokwezeka dzuwa lili pamutu, n'kuthirira madzulo madzi akutsika okha. Thanki imasunga mphamvu ngati batire, koma siifa pakapita zaka zocepa. Mapanelo ayang'ane kumpoto, atapendekeka madigiri pafupifupi 15. Fumbi la m'cilimwe limacepetsa mphamvu yawo, conco atsukeni ndi madzi oyera ndi nsalu yofewa m'mamawa asanatenthe. Mthunzi wa nthambi imodzi wogwera pa panelo limodzi umafooketsa mzere wonse. Pampu ya sola ili ndi ciyeso cakecake: popeza kupopa kwasanduka kwaulere, munthu amaisiya ikuyenda tsiku lonse mpaka citsime citaphwa, cake ndi ca mnansi wake. Ikani cotsekera cimene cimazimitsa pampu thanki ikadzala.

Gasi wa ndowe ndi woyenera amene ali ndi ng'ombe 3 kapena 4 zogona m'khola, ndiponso madzi okwanira, pakuti ndowe zimasakanizidwa ndi madzi oculuka mofanana nazo tsiku lililonse. Kilogalamu imodzi ya ndowe zaziwisi imapereka malita pafupifupi 40 a gasi, wophikira kapena wofunditsira anapiye, ndipo zotsalira zake ndi manyowa abwino. Amene ng'ombe zake zimagona kuchire, kapena amene madzi amatunga patali, asayambe. Dzenje losadyetsedwa limangokhala cikumbutso ca simenti. Gasi wothawira mumlengalenga pa paipi yodontha amasunga kutentha kuposa mpweya wa kaboni pafupifupi ka 28, conco molumikizira monse muziyesedwa ndi thovu la sopo.

Ena mwa inu mwafikiridwa ndi anthu okamba za kugulitsa kaboni. Malonda amenewa alikodi, ndipo midzi ina ya m'cigwa ca Luangwa yalandirapo ndalama cifukwa cosunga nkhalango. Koma mapangano ake amakhala a zaka zambiri ndipo amamanga kagwiritsidwe nchito ka malo. Musasaine pepala limene simunawerenge pamodzi ndi munthu wodziwa malamulo, ndipo funsani kuti ndalama zidzafika liti, kwa ndani, ndi kuti mukafuna kutuluka mudzatuluka bwanji.

Nchito yoti mucite

Tengani kope, mugawe tsamba lililonse m'mizere 5: tsiku, cipangizo, maola, mafuta kapena mayuniti kapena makilogalamu a makala, ndi nchito imene yagwiridwa. Lembani kwa milungu 4 popanda kusintha ciliconse pa famu. Ikatha, werengani ndalama za cipangizo ciliconse ndipo muzindandalike kuyambira codya kwambiri. Culukitsani malita a dizilo ndi 2.7, a petulo ndi 2.3, ndi makilogalamu a makala ndi 3, kuti mudziwe utsi wa mweziwo. Sankhani cipangizo cimodzi cokha, ca pamwamba pa mndandanda, mukonze cimene cingakonzeke popanda kugula makina atsopano, ndipo mulembenso kwa milungu ina 4. Amene muli pa sukulu pano mudzayamba ndi pampu ya ku dimba ndi khola la anapiye, m'magulu a anthu 4. Amene munatsiriza maphunziro, bwerani ndi makope anu mukadzaticezera, ndipo musaiwale kuyeza kukula ndi kutalika kwa paipi yanu kucokera pa madzi kufika pa mzere womaliza.